Mzere wa Che Saidi unkakwera

Ndinkathandiza anamwino pachipatala cha mishoni ku Kota Kota. M'mawa uliwonse a Sisitala achizungu ankandifunsa mmene mzere wa kutentha kwa thupi ukuyendera patchati ya wodwala aliyense. Mzere ukakwera ndinkayenera kunena "rising", koma lilime langa linkatulutsa "laizing'i", iwo n'kuseka wodi yonse ikumva.

Tsiku lina mzere wa Che Saidi, msodzi wa ku Liwaladzi, unakwera ndithu. Ndinauona, koma ndinati "steady", kutanthauza kuti sunasunthe. A Sisitala anadutsa osawapatsa kwinini. Masana bambowo ananjenjemera mpaka bedi kulira.

Atachira anandibweretsera chambo. "Achimwene, munandisamala," anatero.

Ndinachilandira ndi manja awiri. Mawu aja oti "rising" lero ndimawatchula bwinobwino, koma palibe amandifunsa.