Wakuba Oyilo Anali Injini

Inu amene munanamiziridwapo mlandu, imvani za Lexon Chimphanje.

Tsiku lomwe anatuluka m'chitokosi ku Lilongwe, nthawi ya Chitaganya, Lexon analibe ntchito ndipo dzina lake linali litaipa. Iyeyu anali dalaivala wa lole yakale ya a Gani, eni sitolo ya pafupi ndi msika. Loleyo inkatha oyilo modabwitsa. Akathira m'mawa, pobwera ku Mitundu ankapeza watsika, chonsecho pansi sipankadontha kanthu. A Gani anati basi, dalaivala akumakapa n'kugulitsa panjira.

Apolisi anamuwomba makofi kuti atchule omwe ankamugula. Umboni utasowa anamumasula, koma mbiri inali itamutsogolera. Sitolo iliyonse inamukana. Kumudzi kwa mkazi wake, komwe ankakhala chikamwini, apongozi anati asapondekonso.

Mtima wake unawira. Anapita kwa Che Sefu, makaniko wachikulire amene anaphunzira ntchito ku usilikali ndipo ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mthethe kutsidya kwa mlatho. Anapempha chitsulo chomasulira matayala. Che Sefu ataona maso ake ali psuu anafunsa chomwe akufuna kumasula. Lexon sanabise: ankafuna mutu wa a Gani.

Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse, chitsulo atachiponda ndi phazi.

"Utsi wa loleyo unali wamtundu wanji?"

"Ndidziwa bwanji, Che Sefu? Ine ndimakhala kutsogolo, utsi umatulukira kumbuyo."

Che Sefu anamufotokozera kuti injini ikakalamba, maringi a mapisitoni amatha, oyilo n'kumadutsa kukapsa limodzi ndi petulo. Zikatero utsi umatuluka wabuluu. Anamuuza kuti apite akaone yekha, koma chitsulo chitsale.

M'mawa mwake Lexon anakaima kuseri kwa sitolo. Dalaivala watsopano ataliza lole, utsi wabuluu unati tolotolo. Lexon anauyang'anitsitsa. Makofi onse aja, banja lake lija, chifukwa cha maringi akutha! Analowa m'sitolo n'kuwauza a Gani kuti atuluke akaone wakuba wawo weniweni. Iwo sanadzuke n'komwe. Anati wakuba sangawaphunzitse za galimoto yawo, ndipo anaitana mlonda. Kupepesa sanapepese, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Lexon analumbira kuti injini sidzamunamizanso. Anakapempha kuphunzira umakaniko pa galaja ina ya azungu, koma kapitawo wake, wochokera ku Rhodesia, anamupatsa tsache. Anati sipanala si ya munthu wakuda. Lexon anaponya tsachelo pansi n'kubwerera kwa Che Sefu.

Kumeneko ntchito yake yoyamba inali kugwada kumbuyo kwa galimoto iliyonse, kuyang'ana ndi kununkhiza. Anaphunzira kuti utsi wakuda ndi petulo wochuluka, mwina kabuleta, yosakaniza petulo ndi mpweya, yasokonekera kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Woyera wokhuthala, wosatha ngakhale injini itatentha, ndi madzi omwe alowa mosayenera. Ankagona m'galimoto yakufa, maso akuwawa, chifuwa chikubanika. Madalaivala anzake akale ankamuseka kuti wakuba uja tsopano akudya utsi.

Analakwitsanso. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, Che Sefu kulibe, anaona utsi woyera pa galimoto ya mphunzitsi wina n'kuphwasula injini yonse. Inali nthunzi chabe ya kuzizira. Mphunzitsiyo anamutukwana pamaso pa anthu, ndipo Lexon anatenga malaya ake kuti azipita.

"Ukupita kuti?" anatero Che Sefu. "Waphwasula wekha, umanganso wekha."

Anaimanga mano ali gwa, ndipo inalira.

Zaka zinapita. Eni malole a fodya ndi mtedza anayamba kumufuna pomutchula dzina, chifukwa sankamasula bawuti asanaone utsi. Mkazi wake anamutsatira m'tauni ndi ana, osapempha chilolezo kwa aliyense.

Tsiku lina Che Sefu anaima kumbuyo kwa basi nthawi yaitali, kenako anaitana Lexon n'kumufunsa chapansipansi ngati utsiwo unali wabuluu kapena woyera. Maso awo anali atachita ng'ala. Madzulo ake anakoka bokosi lawo la zitsulo n'kuliika pamapazi pa Lexon.

"Kuyambira mawa ine ndizimvera ndi makutu. Galaja ndi yako."

Abale anga, ena amene anakulakwirani adzafa osapepesa. Mukamadikira pakhomo pawo mudzakalambira pomwepo. Kwiyani ndithu, pakuti bodza limapweteka, koma mkwiyowo upite nanu kokaphunzira. Mukalakwitsa, manganinso. Osataya mtima.