Chaka Chimene Ndinkabisa Mawu m'Zilembo

Mapepala aja ankanunkha spiriti wa kuchipatala. Anali a mafunso a mayeso akale, asanu ndi limodzi, osindikizidwa ndi makina opukusa ndi dzanja, ndipo inki yake inali ya mtundu wa maluwa a mbatata. Mkulu wanga Lusungu anawatenga kwa mphunzitsi wake wakale wa masamu, n'kuwasunga m'pulasitiki ya shuga kuti asagwire fumbi. Inali nyengo yokolola mpunga kwathu ku Wovwe. Pakhomo lililonse panali mikeka yoyanikapo mpunga, mankhusu ankauluka ndi mwera n'kulowa m'maso ndi m'tsitsi, ndipo khosi linkayabwa tsiku lonse. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 6, ndipo ntchito yanga ndikaweruka inali yoingitsa nkhuku pa mkeka.

Lusungu anali atakhoza bwino Fomu 4, ndipo anayembekezeka kukalemba mayeso ena ku Mzuzu, osankhira opita ku yunivesite. M'banja mwathu munalibe amene anafikapo pamenepo. Adada, a Kayira, anali mlimi wamba mu sikimu ya mpunga, ndipo ankakonda kunena kuti ndime imene ankalimayo inali ya boma, tsiku lina akhoza kuwalanda, koma zimene zalowa m'mutu mwa mwana palibe amene angazilande. Chaka chimenecho anamuchotsa Lusungu pa ntchito yopuntha mpunga. Ankakhala pa khonde kuyambira m'mawa, mapepala ali pa miyendo, wotchi ya adada yopanda lamba ili pambali pake.

Mafunso ambiri a m'mapepalawo sindinkawamva, koma panali mtundu umodzi umene unandikoka. Ankalemba mawu, kenaka n'kuwalembanso ndi zilembo zina, ndipo wolemba mayeso amayenera kupeza lamulo limene latsatidwa. Lusungu anandionetsa pa dothi ndi kamtengo. Analemba MPUNGA, pansi pake n'kulemba NQVOHB, n'kundiuza kuti ndiyang'ane mpaka ndione. Ndinayang'ana nthawi yaitali, nkhuku zikudya mpunga kumbuyo kwanga, mpaka ndinaona kuti chilembo chilichonse chasuntha phazi limodzi kupita kutsogolo. Kenaka anandionetsa za manambala, pamene A ndi 1 ndipo Z ndi 26, moti MADZI amakhala 13, 1, 4, 26, 9. Panalinso zotembenuza, A kusinthana ndi Z, B kusinthana ndi Y. Mwa njira imeneyo dzina langa, Wezi, linkakhala DVAR, ndipo ndinalilemba pa chikuto cha kope lililonse.

Sabata isanathe Lusungu anali ataloweza mayankho onse a m'mapepala aja, ndipo sankamuthandizanso. Mayesowo ankafuna liwiro, funso limodzi pa mphindi imodzi, ndipo munthu sangaphunzire liwiro pa mafunso amene akuwadziwa kale. Mabuku ena kunalibe. Choncho ine ndinasanduka wopanga mafunso. Ndinkang'amba masamba osalembedwa kumapeto kwa makope akale, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi ndodo yanga yoingitsira nkhuku, n'kumalemba. Madzulo dzuwa lisanalowe ndinkamupatsa mafunso makumi awiri, ine n'kugwira wotchi. Akalakwa ndinkasangalala kwambiri. Ndinaphunzira kusintha lamulo pakati pa mawu, chilembo choyamba kudumpha kamodzi, chachiwiri kawiri, chachitatu katatu. Tsiku lina anataya mphindi zinayi pa funso limodzi, n'kundiponyera pensulo kumutu.

Mawu amodziamodzi atanditopetsa ndinayamba kulemba ziganizo. Pakhomo tinkalankhula Chitumbuka, koma kulemba tinkadziwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi, chifukwa ndi zimene ankatiphunzitsa kusukulu. Ndinkalemba zilizonse zimene ndamva tsiku limenelo: kuti ngalande yatsekeka, kuti amama akudwala dzino. Pa nthawiyo m'nyumba mwathu munali nkhani ya tambala. Miyezi iwiri m'mbuyomo tcheyamani wa chipani m'dera lathu anayenda khomo ndi khomo kutolera mphatso zoti zikaperekedwe kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo kwathu anatenga tambala wofiira. Tambalayo anali ndi kulira kwake kosasa ngati ali ndi chimfine. Mphatso zinapita, koma m'mawa uliwonse tinkamumvabe akulira kuseri kwa mpanda wa tcheyamaniyo. Amama ankazinena motsitsa mawu akupeta. Ine ndinazilemba, zilembo zonse zikudumpha katatu. Lusungu sanalione pepala limenelo, chifukwa ndinaliiwala pa khonde.

Amama ankagulitsa zitumbuwa za mpunga kumsika, ndipo pepala lililonse lopezeka pakhomo linali lokulungira. Langa lija linapita ndi zitumbuwa ziwiri m'manja mwa mnyamata wina wa chipani, mmodzi wa amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Atadya anayang'ana pepalalo, n'kupita nalo kwa tcheyamani. Masiku amenewo malire a Tanzania ankamveka pafupi kuposa mmene alili. Kunali mphekesera za anthu othawira kutsidya amene amatumiza mauthenga, ndipo chaka chapitacho mphunzitsi wina wa sukulu yoyandikana ndi yathu anatengedwa pa galimoto chifukwa cha kalata. Sanabwerere nthawi yonse imene ine ndinali pa pulayimale.

Anabwera Lachinayi masana, tcheyamani wapansi, wapolisi akukankha njinga. Wapolisiyo anali wamtali, wa ku Mchinji, ndipo Chichewa chake chinali ngati cha pa wailesi. Amama anawayalira mkeka, n'kutuma mwana wa pafupi kukaitana adada ku ndime. Adada anafika ndi udzu wa mpunga m'malaya, n'kukhala pansi, osati pa mpando wawo. Tcheyamani anatambasula pepala lija pa bondo lake. Mafuta a zitumbuwa anali atalipangitsa kuonekera ngati galasi, koma mzere wanga unkawerengeka bwinobwino: WFKHBDPDQL DQDED WDPEDOD ZDWKX.

"A Kayira, ichi chachoka m'nyumba mwanu," anatero. "Tikufuna tidziwe akulemba ndani, ndipo akulembera ndani."

Wapolisi anali atatulutsa kale kabuku kake. Ndinaona Lusungu akusuntha pa khonde kuti aimirire, ndipo adada anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kukhalanso. Ine sindinkadziwa kuti dzina likalowa m'kabuku kameneko, nkhani ya ku Mzuzu yathera pomwepo. Chimene chinkandivuta chinali choti ntchito yanga akufuna kuipereka kwa munthu wina. Ndinanena mokweza kuti ndalemba ndine, ndipo ndi mafunso a mayeso a Lusungu.

Tcheyamani anaseka, nati mwana sangalembe zotere. Wapolisi sanaseke. Anandifunsa kalasi yanga, n'kupempha kuti aone mapepala enieni a mayesowo. Lusungu anabwera nawo atagwada, ndipo wapolisiyo anawawerenga onse asanu ndi limodzi osafulumira.

"Ifenso tinalemba zangati zimenezi polowa ntchito," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Usandiuze lamulo lake. Ndibwereke pensulo."

Anatsegula tsamba lomaliza la kabuku kake n'kuyamba. Ndinali nditagwada pafupi, moti ndinkaona dzanja lake. Anawerenga chilembo chimene chinkabwera kawirikawiri, n'kulemba D, pambali pake A. Ndinachita nsanje kuti wapeza msanga chonchi. Anayambira ku mawu omaliza, n'kulemba WATHU. Kenaka anakhotetsa kabukuko kuti kayang'ane pachifuwa pake, ndipo sindinaonenso zimene ankalemba. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira zimene zinali m'chiganizocho, ndi kuti mwini nkhaniyo wakhala pa mkeka wathu. Ndinaganiza kuti amama andikwapula alendo akapita, chifukwa ndanena munthu wamkulu kuti ndi wakuba. Mantha anga onse analekera pamenepo.

Wapolisi anatenga nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Nkhuku zinali zitadzaza pa mkeka wa mpunga, popanda woziingitsa. Atamaliza anatseka kabuku, n'kukaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Akuti, 'Mbalame zadya mpunga wathu.'"

"Basi?" anafunsa tcheyamani.

"Basi, a Tcheyamani. Ndi masewera a sukulu. Koma mwachita bwino kutidziwitsa. Pepalali ndikalisunga ku ofesi."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu oyamba a pa pepala anali ndi zilembo khumi, ndipo mbalame ili ndi zisanu ndi ziwiri. Ngakhale mwana wa Sitandade 3 akanaona. Koma dzanja la adada linali litafika kale paphewa panga, lolemera, lokhakhala ndi mankhusu, ndipo chala chachikulu chinakanikiza pafupa mpaka misozi inalengeza. Adada sankadziwa zimene zinali pa pepalalo. Anangoona kuti ndikufuna kulankhula. Ndinatseka pakamwa.

Potuluka, tcheyamani ali patsogolo, wapolisi anaima ngati akukonza tcheni cha njinga. Anafunsa Lusungu tsiku la mayeso, namuuza kuti alimbikire. Ine anandiuza osandiyang'ana n'komwe: "Kudumpha katatu n'kosavuta, mwana iwe. Aliyense wodekha akhoza kuwerenga."

Atapita, adada anandifunsa m'Chitumbuka zimene ndinalemba, ndipo ndinawauza. Sanandimenye, ndipo sanalole kuti amama andimenye. Anatolera masamba anga onse, ndi makope olembedwa DVAR omwe, n'kuwaika pa moto umene amama ankakazingira zitumbuwa. Anasiya mapepala asanu ndi limodzi a mphunzitsi aja okha. Kuyambira tsiku limenelo mpaka Lusungu atakwera basi ya ku Mzuzu, mafunso ndinkawalemba pa dothi, mawu amodzi pa funso lililonse, ndipo akayankha ndinkafufuta ndi phazi. Atabwerako anati mafunso a m'mayeso anali osavuta kuposa anga. Patapita miyezi anaitanidwa ku yunivesite, ndipo adada anamuperekeza mpaka pa msewu waukulu atamunyamulira sutikesi pamutu.

Kwa zaka zingapo nkhaniyi ndinkaifotokoza kwa anzanga ngati nkhani ya wapolisi waulesi, amene anapeza mawu amodzi n'kungopeka otsalawo, kenaka n'kunyoza ntchito yanga pochoka. Ndinkadandaula kuti adada anandiletsa kumukonza pamaso pa anthu. Ndinali ku sekondale pamene ndinakhala pansi tsiku lina n'kuganiza kuti munthu amene wapeza kuti D ndi A, n'kulemba WATHU molondola, sangalephere mawu atatu otsala. Anawerenga zonse, mwini nkhani ali pambali pake, n'kusankha mawu ena anayi oti anene, podziwa kuti pepalalo likanafika kwa wina wodekha, funso likanabwerera kwa iye. Dzina lake sitinalidziwe, ndipo chaka chotsatira tinamva kuti anamusamutsira kwina.