Zala Zanga Sizinong'ona

Nyumba yosanja ija ku City Centre ndinaidziwa isanavale magalasi. Inali ofesi ya boma, ndipo m'chipinda chapansi tinkakhalamo amayi asanu ndi atatu, aliyense ndi taipi yake. Tinkataipa makalata a mabwana kuyambira m'mawa mpaka zala kuuma. Makompyuta atabwera, anatiitana mmodzimmodzi n'kutiuza kuti zala zathu zakalamba, sizingaphunzire zatsopano. Ndinanyamula kapu yanga ndi kansalu ka pampando, ndinathokoza, mpaka ndinagwada. Kugwada kumeneko kumandipsetsa mtima mpaka lero.

Ofesi itasamuka, nyumbayo inakhala zaka ikudontha, nkhunda zikuswera m'denga. Kenako yunivesite ina inaitenga n'kuikonza: matailosi, utoto, makalasi pamwamba ndi pansi. Mwana wanga wamkazi, amene ndimakhala naye ku Area 47, atamva kuti ndalembetsa maphunziro a Loweruka anaseka mpaka misozi. "Amayi, digiriyo mukaionetsa kwa ndani, kwa adzukulu?" Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kunditula pageti basi.

Makompyuta anawaika m'chipinda chomwe chija munali mataipi athu. Vuto linali limodzi. Taipi yakale imafuna kumenyedwa, ndipo zala zanga zinakula ndi kumenya. Ndikayamba kulemba, m'chipindamo mumamveka ngati matalala pamalata. Ana a m'kalasi, amene amangosisita mabatani, anakadandaula.

Tsiku la mayeso mphunzitsi wathu, mnyamata wakumpoto waulemu wake, anandipeza nditakhala kale. Anabwera akutikita manja.

"Amayi, pepani kwambiri. Anzanu akuti simuwapatsa mpata woganiza. Takukonzerani tebulo pakhonde, pali kamphepo kabwino."

Tebulolo ndinali nditaliona polowa, pafupi ndi ndowa za okolopa.

"Aphunzitsi, dzina langa munalilemba m'kalasi kapena pakhonde?"

"Ayi amayi, kungoti..."

"Ine ndinatulukapo kale m'chipinda chino, inu mukuyamwa. Anandipempha mwaulemu ngati mmene mukuchitiramu, ine n'kumvera. Lero ayi. Amene phokoso likumuvuta, kamphepo ako apo."

Ndisaname, mphunzitsiyo akanatha kunena kuti ndasokoneza mayeso, chaka chonse n'kulowa m'madzi, mwana wanga uja n'kupeza choseka china. Mphunzitsi anayang'ana ana aja, ana anayang'ana pansi. Palibe amene ananyamuka. Iye anakanda m'mutu, anaona wotchi, n'kunena kuti tiyambe.

Anawo ndinawamvera chisoni pang'ono, poti nawonso ndi ana a eni. Mzere woyamba ndinayesa kulemba mofewa, ndipo ndinalakwitsa mawu atatu, ine amene ndinkamaliza tsamba lonse osafufuta. Ndinapukuta zala pachitenje, ndinakokera mpando pafupi, ndipo yankho langa la funso loyamba analimva mpaka alonda kugeti.