Kalavani Yowola ya Consolata

Tsiku limene thabwa la pansi m'kalavani linaboka n'kumeza mwendo wa Feggie mpaka m'bondo, Consolata, mayi wa mwanayo, anakhala pafumbi n'kulira ngati maliro ayambiranso. Kalavaniyo anali atangoigula dzana lake, ndipo inali itadya zonse zimene anali nazo.

Inu amene mukuti zanu zavuta, tamverani izi.

Consolata kwawo kunali ku Phalombe, koma zaka zisanu ndi zinayi anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kwa Chulu, ku Kasungu. Mwamuna wake atamwalira, m'zaka zija makuponi a feteleza anali atangoyamba, mwini esiteti anangodikira kuti fodya apite ku okushoni. Kenako anamuuza kuti nyumbayo ikufuna banja la manja anayi.

Mayi wina wa mumpingo anamubwereka kamalo m'mphepete mwa munda, koma ndi lamulo. "Khalani, koma osakumba maziko, osazika ngakhale mzati umodzi. Abale anga amati tenanti akamanga lero, mawa malo ndi ake."

Ndiye nyumba yopanda mzati munaionapo inu? Consolata ndi ana ake awiri ankagona pakhonde la khitchini ya eni.

Achimwene ake, a Masautso, omwe ndiwo eni mbumba, anabwera kudzaona, ndipo sanazungulire. "Achemwali, kumudzi munda mulibe, kuno nyumba mulibe. Mvula ikapeza ana awa ali pakhonde, ndiwatenga. Ku Limbe kuli banja likufuna wolera mwana, Feggie akakhala kumeneko."

Feggie anali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha, sitandade faifi. Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Consolata sunakhalenso m'malo.

Ndiye anakumana ndi Grey, makanika wa pa Boma, munthu wa pakamwa pa shuga. Kuseri kwa galaja yake kunali kalavani, kangolo ka matayala awiri, kokokedwa ndi galimoto. Ukakweza chivindikiro chake, tenti inkatambasuka, mabedi awiri n'kutulukira m'mbali. Ukatsitsa, nyumba yonse inkapindika ngati ambulera. Penti yobiriwira inali waliwali.

"Azungu ankagonamo akapita kokaona nyama," anatero Grey. "Nyumba yopanda maziko iyi, mayi. Wokuthamangitsani mungomutsanzika n'kuikoka."

Mawu amenewo ndi amene anamugwira. Anagulitsa njinga ya malemu ndi mbuzi zake zonse, abulu a eni n'kuikokera kwa Chulu. Chikomekome cha mkuyu, abale! Pansi pa penti ija matabwa anali ofewa ngati chinangwa chovunda.

Atalira mokwanira, anadzuka. Anthu a m'mudzi atabwera kudzaseka, onse anagamula mlandu umodzi: "Chiswe chimenechi!" Nanga ku Kasungu mtengo ukatha amanamizira ndani? Mankhwala ake aliyense amawadziwa, oilo wakuda wotsala m'injini. Consolata anakapempha ku chigayo, napaka kalavani yonse mpaka manja kuda bii.

Sabata inatha. Nyenje zinali kulira, kutentha kwa Okutobala kukuphika mutu, mitambo ikuunjikana chakumadzulo masana alionse n'kubalalikanso. Anzake anali kalikiliki ndi makuponi, iye dzina lake silinali m'kaundula wa mudzi uliwonse. Sankatha kukhala pansi. Akagwira khasu, maso ali kumwamba. Akatunga madzi, maso ali kumsewu, kuopa kuona a Masautso. Ndipo akadina thabwa ndi chala, chala chinkalowabe.

Tsiku lina a Lameki, mkulu wokhoma ngolo za ng'ombe, anaima ndi njinga yawo. Anasuzumira kunsi, anasuzumira mkati, n'kuseka.

"Mayi a Feggie, mwapaka mankhwala a mutu pomwe wodwala akumva m'mimba. Dothi la chiswe mwaliona pati? Chiswe chimachokera pansi. Kuwola kumachokera kumwamba."

Consolata anatola kachidutswa ka thabwa n'kununkhiza. Ha! Oilo anali atabisa fungo, koma mphuno yake inalizindikira. Linali fungo lija la m'chigafa, mvula ikamvumba sabata yathunthu, fodya wopachika n'kuyamba nkhungu. Zaka zisanu ndi zinayi za fungo limenelo, ndiye n'kupusitsidwa ndi penti! Anachita manyazi, kenako anapsa mtima, ndipo kupsa mtimako kunamupatsa mphamvu.

"Ndibwerekeni sowo ndi hamala, a Lameki. Zotsalazo ndikuzidziwa."

Anakwera pachivindikiro ndi ndowa, n'kuthira madzi, Feggie ali mkati akuyang'ana. Madzi ankalowera pa msoko wa malata ndi pa misomali inayi ya m'makona, n'kutsika mwakachetechete mkati mwa khoma mpaka pansi. Wakuba anali ameneyo.

Kenako anatulutsa singano yake yaikulu yosokera mabelo a fodya. Thabwa lililonse analibaya, chikhatho ndi chikhatho. Pomwe singano yakana, ankasiya. Pomwe yalowa, ankalemba ndi khala. Ankasankha matabwa momwe ankasankhira fodya, labwino uku, lowola uko, wopanda chisoni. Pofika madzulo kalavani inali mizere ya makala yokhayokha, ndipo pamene anamaliza kudula inatsala nthiti.

Anthu ndiye anaseka zenizeni. "Tenanti wagula khola la nkhunda!" Iye anakagwira ganyu yopalira nazale ya fodya, malipiro ake matabwa a bulugamu a chigafa chakugwa. Anawayanika padzuwa, chifukwa a Lameki anamuchenjeza kuti thabwa lonyowa ukalitsekera mkati, wadzala kuwola kwina. Anakhoma, analakwitsa, anazula, anakhomanso. Chala chachikulu chinatupa, chikhadabo n'kuchoka.

Chizimalupsa chinagwa, kamvula koyamba kaja kozimitsa malupsa. Tsiku lomwelo uthenga unafika woti a Masautso abwera Loweruka.

Lachinayi, ntchito itatsala pang'ono, singano inalowa pamalo amene Consolata sankafuna. Unali mtanda wa pakona, wonyamula mahinjesi a chivindikiro. Sinalowe kwambiri ayi, kansonga chabe. Kuuchotsa kunali kugwetsanso denga lonse.

Anaima ndi singano m'manja. Kunja mtandawo unkaoneka bwinobwino. Penti yotsala inalipo. Ndani akanadziwa?

Koma iye ankadziwa zimene matenanti ena ankachita, kubisa fodya wowola pakati pa belo, wabwino kunja. Belo lotero limakabwezedwa ku okushoni, ndipo pobwera limakhala litawoletsa ndi wabwino yemwe. Si zomwezo anamuchita Grey?

"Ine ana anga sindingawagoneke m'belo lachinyengo," anatero, n'kutenga sowo.

Masiku awiri amenewo anagwira ntchito ngati wamisala. A Lameki anasiya ngolo zawo kudzamugwirira chivindikiro. Msoko wa malata anaumata ndi phula wosungunula, misomali ya m'makona chimodzimodzi. Pomwe tenti inang'ambika anasoka ndi singano yomwe ija.

Loweruka masana a Masautso anatsika pa kabaza, kumwamba kutada bii. Moni sanamalize n'komwe. Analowa m'kalavani, n'kuyamba kudumphadumpha pansi ndi nsapato zawo, munthu wa thupi lake. Thabwa linangoti zii. Anagwedeza khoma, anakoka bedi.

"Pouma aliyense ndi mmisiri," anatero. "Tione mvula."

Ngati inamva. Inabwera ndi mphepo, yamatalala, ikuwomba tenti mbali zonse. Onse anayi anakhala mkati. Feggie anagwira chitenje cha mayi ake, osachisiya. A Masautso anatambasula chikhatho, n'kumayenda nacho kona ndi kona kufunafuna dontho. Ola lathunthu linatha chikhatho chili chouma.

Mvula itakata, anakhala pabedi n'kuyang'ana zala za mlongo wawo.

"Feggie," anatero, "Lolemba usachedwe kusukulu."

Apo m'pamene Consolata analiranso, koma kulira kwina.

Chaka chotsatira anaona anthu akutha masiku pamzere wa feteleza wa makuponi, opanda pomwera tiyi. Anabwereka abulu, anapinda nyumba yake, n'kukaitambasula pafupi ndi depoti. Mzere ukatha kwa Chulu ankasamukira kwa Njombwa, tiyi ndi mandasi zikuyenda. Omwe aja ankati khola la nkhunda ndiwo ankabisalamo dzuwa, kapu m'manja. Patapita zaka anapeza malo akeake, anakumba maziko popanda womuletsa. Feggie lero ndi mphunzitsi. Kalavani ikadalipo kuseri kwa nyumba, ndipo Okutobala aliyense mwini wake amaizungulira ndi singano.

Nanga inu, chakuwolerani n'chiyani? Musathamangire penti, ndipo musamvere aliyense wofuula kuti chiswe. Funani pomwe madzi akulowera. Bayani ndithu, ngakhale pakona pomwe mukuopa, chowola mudule, cholimba musunge. Zikatsala nthiti zokha, anthu n'kumaseka, dziwani kuti pokhomerapo ndi pomwepo. Osataya mtima, mvula isanagwe nthawi ikadalipo.