Madzi Amene Gombo Sanakhuthule

Ku Tsetserleg, tauni ya m'dziko lozizira mpaka madzi kuundana, galimoto ikayamba kumwa madzi koma pansi osaoneka ngakhale dontho, madalaivala amangouzana kuti pita nayo kwa Yanjmaa akainunkhize. Si nthabwala ayi. M'miyezi yozizira galimoto iliyonse imatulutsa utsi woyera, yabwino ndi yodwala yomwe, ndiye makaniko wodalira maso amangonamiza anthu. Yanjmaa amagwada kumbuyo kwa galimoto n'kukoka mpweya kamodzi. Utsi ukamveka kutsekemera, ndiye kuti injini ikuwotcha madzi ake omwe, ndipo mwini wake ayambiretu kuzolowera kuyenda pansi.

Ndi mayi wamfupi, wa manja okhakhala, wosaseka wamba, ndipo chaka chino wakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Garaja yake ndi shedi ya malata kuseri kwa mpanda wa matabwa. Muli mbaula, benchi, ndi ketulo ya tiyi wamkaka wothira mchere amene madalaivala amamwa ulere kwinaku akudya anzawo miseche. M'tauni muno amadziwika ndi zinthu ziwiri, mphuno ndi kusakhululuka. Chachiwirichi chili ndi mwini wake, dzina lake Gombo.

Nkhani yake njakale, ya nthawi imene magalimoto onse anali a boma. Yanjmaa anali mtsikana, mkazi yekhayo pakati pa amakaniko a pa garaja yaikulu. Masiku amenewo mankhwala oletsa madzi kuundana kunalibe, mu rediyeta ankathira madzi a kumtsinje basi. Lamulo linali limodzi ndipo ngakhale ana ankalidziwa: dalaivala akaimika lole madzulo, atsegule kampopi kapansi, akhuthule madzi onse, mawa adzathire otentha. Ukaiwala, madzi amaundana m'kati n'kung'amba chitsulo.

Gombo anaiwala. Inali nthawi ya Mwezi Woyera, chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo tsiku limenelo anali atalonjera mabanja asanu ndi awiri, paliponse kapu ya mowa. Kutacha, buloko ya injini ya lole yake inapezeka itang'aluka. Tsoka ilo, sabata yomweyo Yanjmaa anali atasintha gasiketi, kotsekera kopyapyala kapakati pa buloko ndi hedi, pa lole imeneyo. Pa msonkhano wa antchito Gombo anaimirira, maso ali gwa, n'kunena kuti iye madzi anakhuthula, koma mtsikanayu ndi amene sanamange bwino mabawuti a hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini. Bwana wa garaja anali a Damdin, mkulu wake wa Gombo, bere limodzi. Anasaina pepala loika mlandu pa Yanjmaa tsiku lomwelo.

Anamulanda masipanala n'kumupatsa tsache. Anasesa bwalo lomwelo zaka zinayi, amuna amene iye ankawathandiza kumvetsa injini akumufunsa m'mawa uliwonse ngati tsachelo walimanga bwino. Zinthu zitasintha, garaja n'kutsekedwa, anagulitsako zikopa, anagulitsako nsapato pamsika, kenako anayamba kukonza magalimoto pakhomo pake, dzina n'kumabwerera pang'onopang'ono. Anakwatiwa, analera ana awiri, anaika mwamuna wake m'manda. Zonsezi anazichita mkwiyo uli chikhalire, ndipo azimayi a kumsika amene ankamulangiza kuti aiwale ankangotaya malovu. Sankafuna kuti Gombo afe kapena asauke. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: Gombo anene ndi pakamwa pake, a Damdin akumva, kuti madzi aja sanakhuthule.

Gombo yekha zinamuyendera, monga zimayendera anthu otere. Analemera ndi malonda a ubweya wa mbuzi, anamera mimba, ndipo pa mipikisano ya akavalo ankamukhazika kutsogolo. Akakumana ndi Yanjmaa pamsika ankakhotera ku mzere wa ufa ngati wakumbukira kanthu.

Chaka chatha, kutatsala masiku atatu kuti Mwezi Woyera uyambe, jipi yaikulu yakuda inaima pachipata pa Yanjmaa. Amakaniko ena onse anali atatseka, atapita kwa makolo awo. A Damdin, amene tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, ankakhala kwa mwana wawo woweta nkhosa, makilomita mazana awiri kuchokera m'tauni. Mng'ono wosapita kukalonjera mkulu wake pa tsiku loyamba la chaka, anthu amamunena mpaka chaka chinacho. Gombo analibe kolowera kwina.

"Mchemwali wanga," anatero ngati anasiyana dzulo, "kapaipi kakudontha penapake. Tandimangirako, ndili pa changu."

"Achimwene, zomangamanga mwayamba liti kundikhulupirira nazo?"

Madalaivala atatu amene anali pabenchi anaika makapu pansi. Gombo anachita ngati sanamve. Anafotokoza kuti kwa masabata atatu wakhala akuwonjezera madzi m'mawa uliwonse, hita ikuuzira mphepo yozizira, ndipo pokwera mtunda kamuvi koonetsa kutentha kamathamangira kofiira. Yanjmaa anamuuza kuti injini iyambe yazizira. Analowa m'shedi n'kumusiya panja, osamupatsa tiyi, chinthu chimene kuno sachitira ngakhale wakuba.

Atatuluka anayamba ndi pansi. Chipale chofewa pansi pa jipi chinali mbee, chopanda dontho. Mapaipi onse anawafinya limodzilimodzi, ouma. Pampu ya madzi youma. Anatsegula chotsekera cha oyilo, ndipo kunsi kwake kunali phala lotuwa ngati tiyi wamkaka wogona. Anatsegula rediyeta n'kuuza Gombo kuti alize injini. Posakhalitsa pakamwa pa rediyeta panayamba kutumphuka thovu, losalekeza. Ndiye anazungulira kumbuyo, anagwada, n'kukoka utsi uja. Unali wotsekemera. Yanjmaa anakondwa, ndipo tisabise, chinali chimwemwe choipa, chotentha, chimene anachidikira zaka makumi atatu ndi zisanu.

"Si paipi. Gasiketi ya hedi yapsa," anatero akupukuta m'manja. "Mukafika pa phiri lachiwiri injini iwira, ndipo kumeneko foni sikoka. Adzakupezani abusa a nkhosa mutauma ngati nyama ya pa denga."

Gombo anafunsa ngati angaikonze m'masiku awiri. Yanjmaa anati angathe, gasiketi ali nayo, koma ulendowo apitira limodzi, ndipo akakafika akanena za lole ija pamaso pa mkulu wake. Gombo anaseka chiseko chouma. Anati zimenezo nzakale, ndipo munthu wamkulu salowa m'chaka chatsopano ndi mangawa, mikangano imathetsedwa chaka chisanathe. Yanjmaa anavomera kuti mwambo ndi umenewodi, ndipo mkangano uwu uthera momwe wanenamo. Gombo anamutchula mfiti, anamenyetsa chitseko cha jipi, n'kunyamuka utsi uli tolo.

Tsiku lonse anazungulira tauni. Anagogoda pa magaraja otseka, anapempha magalimoto kwa anzake amene nawonso anali ndi akulu awo okawalonjera, anapita kokwerera mabasi n'kupeza mipando inatha kalekale. M'mawa mwake anabweranso, chipewa chili m'manja.

Yanjmaa anagwira ntchito imeneyo mosamala kuposa ina iliyonse pa moyo wake. Anachotsa hedi, anaonetsa Gombo pamene gasiketi inang'ambikira pakati pa njira ya madzi ndi silinda yachitatu, anaika rula yachitsulo pa hedi kuti aone ngati yapindika. Inali yowongoka. Anapala, anatsuka, anataya oyilo woipa uja. Itafika nthawi yomanga mabawuti, anaitana Gombo kuti aime pambali pake. Amamangidwa kuyambira pakati kupita m'mbali, mopingasa, maulendo atatu, ndipo bawuti iliyonse ikalira pa sipanala yopimira, Gombo ankayenera kuiwerenga mokweza. Madalaivala a pabenchi anali atachuluka tsiku limenelo, poti nkhani inali itamveka, ndipo wina ankangoti, "Kwezani mawu, achimwene, kuno kumbuyo sitikumva."

Ananyamuka m'bandakucha wa tsiku loyamba la chaka. Kamuvi kanakhala pakatikati, hita ikutentha bwino, ndipo pa phiri lachiwiri Yanjmaa anangokhosomola.

Anapeza hema yodzaza, ana, adzukulu ndi apongozi pafupifupi makumi anayi, onse mu zovala zatsopano, patebulo pali msana wa nkhosa wathunthu. A Damdin anakhala pa malo aulemu moyang'anizana ndi khomo, chipewa kumutu, atafota kwambiri. Pa tsikuli wamkulu amatambasula mikono, wamng'ono n'kulowetsa yake pansi, kumugwira m'zigongono, kusonyeza kuti adzamuchirikiza. Gombo anachita zimenezo. Kenako anacheuka, n'kuona Yanjmaa ataima pakhomo, n'kung'ung'udza kanthu.

"Akulu samva bwino," anatero Yanjmaa.

Gombo anatembenukiranso kwa mkulu wake n'kukweza mawu. "Achimwene, lole ija ya chaka chija. Madzi sindinakhuthule. Ndinaledzera, ndinaiwala. Mayiyu ndinamunamizira."

Mkazi wa Gombo anayang'ana pansi, adzukulu akuyang'anana. Yanjmaa anatembenukira kwa a Damdin. Anayang'anitsitsa nkhope ya nkhalamba ija kuti aone mmene idabwire, poti zaka zonsezi ankadziuza kuti a Damdin anapusitsidwa, ndipo tsiku limene adzamve zoona adzachita manyazi. Nkhopeyo sinasinthe.

"Ndinkadziwa," anatero a Damdin mofatsa. "M'mawa uja ndinafika ndine woyamba. Madzi oundana ndinawaona ndi maso angawa, ali m'mng'alu. Nanga ndikanatani, mwana wanga? Mng'ono wanga akanamangidwa. Iwe unali mtsikana, ndinati ukwatiwa, uiwala." Ndiye anatambasulira mikono kwa iye. "Bwera undilonjere. Chaka chatsopano chino."

Apa m'pamene Yanjmaa anazindikira kuti wakhala akudana ndi munthu wa mlandu wocheperako pa awiriwo. Gombo ananama ndi mantha, mutu ukuwawa ndi matsire. Koma mkuluyu anaona, anaganiza bwinobwino, n'kusankha amene angatayidwe. Ndipo tsopano ankayembekezera kuti wotayidwayo abwere adzamugwire m'zigongono, adzamulonjeze kumuchirikiza.

Anthu anapatuka kumupatsa njira. Yanjmaa anayenda mpaka anaima pafupi, pomwe aliyense amaima, n'kuika manja ake kumbuyo. Mpongozi wina anamunong'oneza kuti chonde amayi, ndi nkhalamba iyi. Wina anayesa kumupatsa mbale ya tiyi. Iye sanacheuke. Wamkulu sabweza mikono asanalonjeredwe, ndiye a Damdin anaisiya chitambasulire, akumwetulira poyamba, kenako kumwetulira kunatha. Mikono inayamba kunjenjemera. Yanjmaa anaima pomwepo n'kumaiyang'ana, mpaka inagwera yokha pa maondo, banja lonse likuona.