Moto Saupha, Amaugoneka

Ku Chembe azimayi owamba nsomba ndi ambiri, koma mukafunsa za Fyness akulozerani msanga, poti ndiye uja anafuna kuthawa utsi pokalembedwa ntchito yozimitsa moto. Musathamangire kuseka. Mwana wamkaziyu anali ndi zifukwa zake, ndipo mukazimva bwino zinali zomveka.

Fyness anakulira pa uvuni wa mayi ake, a Lusiya. Anzake akamanunkhira sopo popita kutchalitchi, iye ankanunkha mlamba wowamba, moti agalu a m'mudzimo ankamuperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi n'kumudikirira panja. Sukulu anaphunzira, satifiketi ya Fomu 4 n'kuipeza, ngakhale mayeso ake anachita kubwereza. Koma satifiketi sathira mchere n'kudya. Anaiika pansi pa sutikesi, nabwerera kukatembenuza utaka ndi kampango pa waya.

A Lusiya ndi mayi wa pakamwa pakuthwa ngati mpeni wotumbulira nsomba, ndipo pa uvuni wawo panali lamulo limodzi lokha: moto saupha, amaugoneka. Malawi akakwera, umaviika dzanja m'ndowa n'kuwaza timadzi kuti moto ugwade, utulutse utsi wabwino. Ntchito ikatha, umakokera zikuni pambali, makala n'kuwafotsera ndi phulusa, kuti mawa ungofukula n'kuuzira. Ali wamng'ono Fyness anakhuthulirapo madzi pamotopo, ndipo khutu limene mayi ake anamukoka tsiku limenelo amati mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake. Pakhomopo bokosi la machesi linkachita kukalamba.

Koma moto umene ankausamala chonchowo ndi umene unawadya maso a Lusiya. Unawadya pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka anayamba kuzindikira anthu ndi mawu, nsomba yopsa ndi fungo. Ndiye m'mawa wina Fyness anafuna kusoka bulauzi, ulusi n'kukana kulowa pa singano. Maso anali psuu, misozi chuchuchu popanda maliro. Kuchipatala anamupatsa mankhwala odonthezera n'kumuuza mosapita m'mbali kuti achoke pa utsi maso akadalipo. Fyness anachita mantha enieni. Akayang'ana mayi ake akufufuza chitseko ndi dzanja, ankadziona yekha.

Nkhani ya ntchito inabwera ndi Raymond, msuweni wake, wakabaza wa pa boma ku Mangochi, munthu amene pakamwa pake pamapalasa kuposa miyendo.

"Mkazi wanga," anatero Raymond, monga amachitira asuweni, "ndakupezera ntchito. Akulemba ozimitsa moto, olembedweratu, a malipiro a pamwezi. Akuti ndi akazi omwe."

"Iwe, mutu wako ukuyenda? Ine ndikuthawa utsi, iwe ukundikankhira pamoto?"

"Ndimadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku ine. Anthu aja utsi amauona kangati pa chaka? Amatsuka galimoto yofiira ija, kuipukuta, kenako bawo pansi pa mtengo. Moto ukabuka amavala chophimba kumaso. Nanga iwe chophimba chako n'chiyani, chitenje?"

Chimene Raymond sananene n'chakuti iye amadutsapo masana, anthuwo atathamanga kale ndi mapaipi m'mawa wonse. Koma za chophimba kumasozo sananame, ndipo n'zimene zinamugwira mtima Fyness. Anafukula satifiketi ija, imene nayonso inkanunkha mlamba, nalemba kalata yofunsira ntchito.

A Lusiya atamva anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye ukakhale wopha moto? Ine ndinavutika kubereka munthu wopha moto? Nanga pano atembenuze nsomba ndani, agalu ako aja?" Analalata mpaka nkhuku zinasamuka pabwalo. Koma Fyness ankadziwa kuti pansi pa phokosolo pali mantha a munthu wosaona amene akuopa kutsala yekha.

Ozimitsa moto anamuitana ku mayeso nthawi ya mwera, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anakwera matola mpaka ku Monkey Bay, minibasi mpaka pa boma, ndipo Raymond anamunyamula pa njinga kukamutula pa bwalo loyesera. Anthu anali pikitipikiti: oitanira minibasi, asodzi, anyamata a mataye amene ankaganiza kuti ntchitoyo ndi ya mu ofesi, ndi atsikana owerengeka.

Woyesa anali bambo Sefu, mkulu wamtali wa ndevu za imvi, wolankhula Chichewa chokhala ndi kamchere ka Chiyao. "Satifiketi yanu yangokulowetsani pageti," anatero. "Muno tiona miyendo, msana ndi mutu. Muthamanga, mukwera makwerero, mupulumutsa munthu, muzimitsa moto. Opambana akaonana ndi dokotala, kenako intavyu, kenako maphunziro. Amene wabwera kudzasewera bawo, geti ndi ilo." Fyness anacheuka kuyang'ana Raymond. Raymond anali akuyang'anitsitsa tcheni cha njinga yake.

Pothamanga Fyness sanali woyamba, koma sanakhalenso pansi ngati a mataye ena aja. Munthu wozolowera kutsika phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu, bwalo lathyathyathya silingamuopse. Makwerero ndiwo anamuonetsa zakuda. Kupatula phirilo, chibadwire anali asanakwerepo china choposa matola. Anakwera akuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, ndipo atafika pamwamba n'kuyang'ana pansi anaiwala vesi lachiwiri. Komabe anatsika yekha.

Kenako anawaonetsa Simioni. Simioni sanali munthu. Anali ovolosi yakale yodzaza mchenga ndi nsanza, ya mutu wa mpira, yolemera ngati bambo wodya bwino. Ozimitsa moto onse a pamenepo anayamba ntchito pomupulumutsa iyeyu, ndipo ankamutchula ndi ulemu. Ankamugoneka m'kashedi kodzaza utsi, ndipo woyesedwa aliyense ankalowa chokwawa n'kumutulutsa.

Fyness analowamo ngati akulowa kukhitchini kwawo. Atamupeza Simioni anamasula chitenje chimene anamanga m'chiuno pamwamba pa buluku, nayamba kumubereka kumbuyo.

"Achemwali!" anakuwa bambo Sefu pakhomo. "Mukokeni m'khwapa, si mwana wanu ameneyo!"

Anamukoka, natuluka naye bwinobwino. Popeza anali womaliza pamzere, bambo Sefu anati, "Kamuikeni pabwino, wagwira ntchito lero." Fyness anayang'ana uku ndi uku. Mwera unali ukuwomba, ndipo kwawo munthu wodwala samusiya pamphepo. Chapafupi panali migolo yodula pakati, mmene anali atakolezamo moto wa mayeso omaliza. Anamukhazika Simioni pafupi ndi mgolo wakumapeto kuti aothe, namuwongola miyendo.

Mgolo wakumapetowo ndi umene anapatsidwa iye. Aliyense analandira ndowa yamadzi ndi fosholo, ndipo lamulo linali lalifupi: "Zimitsani."

Anzake anakhuthula madzi mwankhanza, kuvundula ndi fosholo, kuthamangira pampopi kukatunga ena. Fyness anawayang'ana ndi chisoni. Anthu awa analeredwa kuti? Iye anagwada, naviika dzanja m'ndowa, nawaza. Malawi anagwada. Anawazanso, malawi anagona. Anakokera matabwa pambali, nasonkhanitsa makala pakati, nawafotsera ndi phulusa, n'kusalaza pamwamba ndi kumbuyo kwa fosholo. Panalibe lawi, panalibe ngakhale kautsi. Sanaganize n'komwe, manja anangochita zimene anaphunzira asanadziwe kulemba dzina lake. Anaimirira woyamba, madzi atatsala oposa theka, akumwetulira mano onse pamtunda. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Bambo Sefu anayamba kuyendera migolo kuchokera mbali inayo, akupisa ndodo m'matope akuda a anthu ena. Asanafike n'komwe pakati, mwera unadza ndi mphamvu, nuulutsa phulusa la Fyness ngati munthu wovundukula bulangete. Makala anatsegula maso. Matabwa aja, amene anangowayedzamira m'mbali osawanyowetsa, anayaka, limodzi n'kupendekera kunja kwa mgolo. Linagwera pa mwendo wa Simioni.

"Moto!" anakuwa Raymond ali kuseri kwa mpanda, ngati kuti pamalopo panalibe odziwa.

Ozimitsa moto enieni anauthetsa m'kuphethira kwa diso. Koma Simioni, amene anapulumuka m'manja mwa anthu osawerengeka, anatsala ndi mwendo umodzi, mchenga ukuchucha pabondo. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Fyness yekha ndiye ankafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo.

"Walahi, ndaona zambiri pa ntchito ino," anatero bambo Sefu, "koma wopulumutsa munthu n'kukamuwamba ndamuona lero. Achemwali, ndinati mutani?"

"Munati tizimitse, bwana."

"Ndiye mwatani?"

"Ndinaugoneka, bwana."

"Kuti udzuke liti?"

"Mawa," anatero Fyness, mawu ali pansi. Anthu anasekanso, koma bambo Sefu sanaseke. Anamuyang'ana m'maso ofiirawo nthawi yaitali, namufunsa ntchito imene amagwira kwawo. Atamva, anagwedeza mutu.

"Mverani. Nyumba zambiri sizipsa ndi moto woyamba. Zimapsa ndi umene anthu amati wazima, iwo n'kukagona. Ife sitichoka pamalo mpaka titapisa dzanja m'phulusa n'kumva kuzizira. Zina zonse mwakhoza, koma munthu womvera moto chisoni sindingamutume kunyumba ya eni ake. Sabata yamawa tikuyesa gulu lachiwiri. Ndikupatsaninso ndowa. Mukadzaugonekanso, mudzapite mukagone nawo."

Ulendo wobwerera unali wautali. Raymond, pomuperekeza kudepoti, anayesa nthabwala imodzi ya Simioni wowamba, koma atamva kuti kumbuyo kwa njinga kuli chete anatseka pakamwa, chinthu chimene sichinachitikepo. Fyness sankalira chifukwa cha manyazi okha. Ankaopa kuti manja ake adzamuperekanso, kuti iye ndi wa pa uvuni basi, ndipo uvuni udzamutenga maso ngati mmene unachitira ndi mayi ake.

M'mawa mwake anawapeza a Lusiya atakhala pa mpando wawo pafupi ndi uvuni. Nkhani inali itafika kale. Ku Chembe nkhani imakwera matola oyambirira. Fyness anadikira kulalatiridwa.

"Ndamva kuti unawotcha mwamuna wa eni ake," anatero a Lusiya.

"Chinali chidole, amayi."

"Chidole chomwecho. Unafotsera bwino?"

"Ndinafotsera, koma mwera."

"Mwera ukamawomba umasanjikapo lata, chitsiru iwe. Ndinakuphunzitsa chiyani?" Kenako anafunsa ndi mawu ena, otsika, amene Fyness sankawamva kawirikawiri. "Singano ija, ulusi ukulowa?"

"Sukulowa bwino, amayi."

A Lusiya analozetsa nkhope ku uvuni umene sankauonanso. Muuvunimo munali moto wadzulo, wogonekedwa bwino pansi pa phulusa, mwana wa moto wadzana, mbadwa ya moto umene anaukoleza Fyness asanabadwe.

"Katunge madzi," anatero. "Ndowa yaikulu ija."

"Amayi?"

"Wagonthanso m'khutu? Ukufuna ukaphunzirire pa zidole za eni ake? Katunge."

Fyness anabwera nayo ndowa, naima pa uvuni. Dzanja lake linayamba lokha kulowa m'madzi kuti liwaze. A Lusiya anamva kuchucha kwa timadzi.

"Chotsa dzanjalo! Fukula kaye, ndiye ukhuthule."

Anafukula. Makala anali ofiira, amoyo, okongola. Anatseka maso, nakhuthula. Moto unalira tswiii, nthunzi ndi phulusa zinakwera, agalu anathawa. Anavundula ndi fosholo mpaka munasanduka matope akuda, misozi ikutsika, ndipo ulendo uno sunali utsi.

"Wazima, amayi."

"Ukunama. Ndigwire dzanja."

Anawatsogolera. A Lusiya anawerama, natambasula chikhatho pamwamba pa matopewo, nachiyendetsa pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala malungo. Pakona yakumanzere, pansi pa chikuni chachikulu, dzanja linaima.

"Apa pakupuma. Umakonda kubisala pamenepa, ndimaudziwa ine. Thira."

Fyness anathira madzi otsalawo. A Lusiya anapisa zala m'phulusa lonyowalo mpaka pansi, nazisiya momwemo kanthawi. Kenako anawongoka, napukuta dzanja pa chitenje chawo.

"Wafa," anatero. "Maso anga unatenga, ako sutenga. Masana ano ukolezenso, uuphenso, mpaka manja akowo amve. Machesi ali pa zenera, ngati amayakabe."