Tambala wa amayi pa mlandu wa chigafa

Chigafa cha fodya cha mwini sitolo wina pa Mitundu chitapsa, apolisi anagwira achimwene anga. Matipate anali atangoyamba kumene, aliyense akuimba za ufulu, koma apolisi tinkawaopabe.

Achimwene ankalumbira kuti tsiku la motolo anali ku Nathenje kokagula matcheni a njinga. Mlandu wotentha chigafa ndi wa ndende, ndipo kunyumba anali atasiya mkazi woyembekezera. Ine ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi: anawaona ndani? Wapolisi woimira boma pa mlanduwo anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu: "Mudzamva m'khoti, mayi."

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinali nditamva pa wailesi kuti malamulo atsopano amalola woimbidwa mlandu kudziwiratu umboni womuneneza, kuti akonzekere. Amayi anandiletsa. "Boma silifunsidwa, mwanawe. Ukufuna akutsekere nawenso?" Sindinawamvere. Popita ndi chakudya kuchitolokosi ndinawaloweza achimwene mawu oti akanene. Tsiku loyamba m'khoti anaimirira n'kupempha. Majisitireti anavomera, nalamula kuti umboniwo atiwerengere mlandu usanayambe.

Mboni inali imodzi yokha, mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi kutchalitchi. Iye anali atanena kuti ali kudambo anaona patali munthu wa malaya ofiira akuthawa. Za nkhope sanatchule. Ndinalimba mtima. Malaya ofiira pa Mitundu, ndani alibe?

Koma amayi anaimva nkhaniyi mwa njira yawo. Kwathu ukadziwa amene ali nawe chifukwa sudikira bwalo. Umanyamula nkhuku kukapepesa, kaya unalakwa kaya ayi, kuti mitima itsike. Osauza munthu aliyense, anagwira tambala wawo n'kupita naye kwa mboniyo.

Tsiku la mlandu achimwene anafunsa mboniyo monga tinapanganira: "Amayi, nkhope yanga munaiona?"

"Iyayi mwananga, maso angawa ndi okalamba."

Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Kenaka wapolisi uja anaimirira pang'onopang'ono. "Nanga alipo amene anabwera kwanu pa za mlanduwu?"

"Anabwera amake, ndi tambala. Anagwada, amvekere tikhululukireni."

Wapolisiyo anatembenukira kwa majisitireti. "Bwana, munthu wosalakwa amapepesa chiyani?"

Ndinakwiya, ndinakwiyira wapolisi, ndinakwiyira gogo uja, ndinakwiyira amayi amene anakhala pambali panga akugwedeza mutu kuvomereza kuti zinalidi choncho. Achimwene anayesa kufotokoza mwambo wathu koma sizinathandize. Khoti linawapeza olakwa.

Akuwakweza m'galimoto ya kundende, amayi anandikoka chitenje, nkhope ili yodabwa.

"Nanga akupita naye kuti? Si mnzanga uja analandira tambalayo? Analandiratu ndi manja awiri."